A Nasimbi ndi Kiyibodi Yawo Youwa

Dzina loti a Nasimbi analipezera kuntchito. Kuseri kwa sitolo yogulitsa misomali ndi penti kuli shopu yochapa ndi kusita zovala. Mukadutsa pakauntala, n'kulambalala milu ya mabulangete, mumafika m'chipinda chotentha ngati uvuni, ndipo pakona ya kumanzere, pansi pa zenera losatseguka, ndiye pamalo pawo. Anayamba kusita pamenepo mwana ali kumsana. Lero mwanayo ndi namwino, ali ndi nyumba yakeyake mumzinda wina. Atsikana ambiri agwira nawo ntchito n'kumapita, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene ananena tsiku lina kuti, "Amayi awa anabadwa simbi ili m'manja, awa ndi a Nasimbi." Dzinalo linakhazikika pompo, moti ngakhale abwana amawaitana choncho.

Anali mayi wosalankhulalankhula, koma posita ankaimbira m'mphuno tsiku lonse. Malaya anali ndi nyimbo zake, mashiti a pabedi zake zazitali, masuti zake zaulemu. Ali mtsikana ankaimba kwaya, ndipo m'holo yomwe ankaphunziriramo munali limba lomwe ankaliza mnyamata mmodzi yekha. Tsiku lina iwo anangolikhudza ndi chala, n'kulira kamodzi kokha, woyang'anira kwaya n'kuwabweza kumzere wawo kuti zimenezo si za atsikana. Sanakangane naye. Anakula, anakwatiwa, anasita.

Kiyibodi, limba lamagetsi, anakumana nayo imvi zitayamba kale kutuluka m'mbali mwa duku. Tsiku limenelo anakwera galimoto ya kuntchito kukapereka makatani kwa banja lina lomwe linali kusamuka. Pabwalo la nyumbayo anali atayala katundu wogulitsa: fani yopanda mapiko, bafa la mwana, mipando itatu yosiyana mitundu. Chinthu chachitali chakuda chinali chitatsamira khoma, fumbi lili mbuu, makiyi ake oyera atasanduka achikasu ngati mano a munthu wosuta.

"Imeneyinso mukugulitsa, mayi?" anafunsa a Nasimbi, makatani akadali paphewa.

"Ngati pali woifuna," anatero mwini nyumba. "Inali ya mchimwene wanga. Anaigula ine ndisanakwatiwe, ndiye muone nokha ukalamba wake."

"Koma imalira?"

"Kulira imalira. Kungoti ili ndi mwano."

Mtengo wake sunafike ngakhale wa nsapato za mwana wa sukulu. A Nasimbi anali ndi maganizo ogula ketulo yatsopano sabata imeneyo, koma ketulo inaiwalika pomwepo. Dalaivala anakana kuti chinthu chafumbi chotero chigone pamodzi ndi mashiti oyera a makasitomala, choncho anachikulunga m'bulangete lomwe linali lisanachapidwe, iwo n'kuchifungatira pamiyendo njira yonse.

Amuna awo anali pulambala, munthu wa mipope, wamfupi, wa ndevu zochepa ndi mawu ambiri. Iwo ankakhulupirira kuti mavuto onse a padziko ali mitundu iwiri yokha: china chatsekeka, kapena china chikudontha. Mutu ukawawa, chatsekeka. Malipiro akatha mwezi usanathe, chikudontha. Ataona akazi awo akulowa chammbali pakhomo ndi chimtolo chachitali, anaika kapu ya tiyi pansi.

"Amake namwino, mwagula bokosi la maliro a njoka?"

"Sunthani mwendo ndidutse."

"Ketulo ija ndi imeneyi?"

"Ndati sunthani mwendo."

Tebulo la pabalaza linali lalifupi, choncho a Nasimbi anatulutsa tebulo lositira lakale lomwe abwana anawapatsa litayamba kugwedera. Kiyibodi inakhalapo bwinobwino ngati anachita kuyeza. Anaipukuta ndi kansalu konyowa, analumikiza adaputala kukhoma, n'kudina batani loyatsira. Palibe chinachitika. Atagwedeza chingwe pang'ono, nyumba yonse inaphulika ndi ng'oma, du du tsa, du du tsa, mpaka a Pulambala anadzithira tiyi pantchafu.

Umenewo ndiwo unali mwano woyamba: ikayaka, inkayamba yokha ndi ng'oma, voliyumu ili kumapeto, ndipo panalibe njira yoiphunzitsira ulemu. Mwano wachiwiri unali wa adaputala, yomwe inkagwira ntchito pokhapokha chingwe chake chikapendekeka. A Nasimbi anachichirikiza ndi sopo wamtanda, ndipo sopoyo anakhala chiwalo cha kiyibodi, wosaloledwa kupita kubafa. Kagalasi koonetsa manambala kanali kakufa theka, ndipo zolemba za pamabatani zinali zitafufutika ndi zala za eni ake akale. Pofuna kudziwa chomwe batani lililonse limachita, panalibe kuchitira mwina koma kulidina n'kumvera.

M'katimo munali dziko lathunthu. Munali piyano yomveka ngati supuni ikugunda kapu. Munali lipenga longa bakha wodwala chimfine. Munali gitala yemwe sankafanana ndi gitala aliyense amene munthu anamuonapo, ndiponso mawu ena ofewa, otambalala ngati mphepo, omwe a Nasimbi anawakonda kuposa onse ngakhale sanadziwe kuti ndi a chida chanji. Chakumapeto kunali zosayembekezeka: helikopita, telefoni, khamu la anthu likuwomba m'manja, ndi galu. Galuyo ankauwa mokwera kapena motsika malinga ndi kiyi amene wadinidwa, kumanja kagalu kaukali, kumanzere chigalu cha pageti la anthu olemera. A Nasimbi anatenga timapepala tomata tomwe amaika pazovala za makasitomala, n'kujambulapo tizithunzi: apa lipenga, apa manja, apa mchira.

Sabata isanathe kunabwera eni nyumba yomwe ankachita lendi, nkhope ili gwa, kudzakumbutsa kuti pa mdadada umenewo saloleza kuweta agalu. A Nasimbi anawalowetsa, anawakhazika pampando, n'kudina kiyi wa kumanzere kwenikweni. Eni nyumba anasuzumira pansi pa tebulo lositira, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo potuluka anapempha kuti awalizirenso helikopita.

Kuphunzira kwenikweni kunali kwa pang'onopang'ono. Akaweruka, asanayambe zophika, ankakhala pa kiyibodi ndi chala chimodzi, kusakasaka nyimbo zomwe anaziimbira m'mphuno kwa zaka zonsezo. Dzanja lamanja, lozolowera kukanikiza simbi, linkadina ngati likufuna kuchotsa makwinya pamakiyi. Lamanzere linkangoyandama m'mwamba, losadziwa kolowera. Mwana wawo namwino anawatumizira pafoni mavidiyo a anthu ophunzitsa kuliza, koma aphunzitsiwo anali ndi makiyibodi aakulu onyezimira ndipo zala zawo zinkathamanga ngati zikuthawa moto. A Nasimbi anaonera pang'ono n'kubwerera ku khutu lawo.

Panali vuto limodzi lomwe khutu silikanatha kulikonza. Pakatikati penipeni, pomwe nyimbo iliyonse imayenera kudutsa, panali kiyi mmodzi wakufa. Ukamudina ankangoti phwa, osatulutsa mawu. Poyamba ankayesa kumuzemba, koma nyimbo zinkatuluka zopunduka. Tsiku lina, chala chitafika pamenepo, pakamwa pawo panangotuluka pokha kuti "laa", nyimbo n'kupitirira bwinobwino. Kuyambira pamenepo anagawana ntchito: makiyi ena onse ndi a kiyibodi, ameneyo ndi wawo. Anthu odutsa panjira ankamva ting'i ting'i ting'i, laa, ting'i ting'i, laa, ndipo ana a pamdadadawo anayamba kudikirira pomwe pakubwera "laa" kuti athandizire.

Kenako a Pulambala anagwa pa makwerero akukonza thanki ya madzi padenga la nyumba ina. Mwendo unathyoka pansi pa bondo, ndipo kuchipatala anawamanga chikhakha n'kuwauza kuti akhale pansi mpaka fupa ligwirane. Munthu amene moyo wake wonse ankadzuka n'kupita kukagwada pansi pa masinki a anthu anapezeka ali yekha pabalaza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iye ndi wailesi ndi chinthu chija ankachitcha bokosi la njoka.

Masiku oyamba ankangochiyang'ana. Kenako anayamba kuchikhudza ndi nsonga ya ndodo yoyendera. Tsiku lina magetsi anazima kuntchito kwa a Nasimbi, abwana n'kuwauza kuti aweruke masana. Akuyandikira kunyumba anamva nyimbo yamphamvu, ya malipenga ndi ng'oma ndi zala zothamanga, ikutuluka pazenera lawo. Pazenerapo panali amayi atatu oyandikana nawo, mabeseni ali m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Koma amuna anu, anzathu! Luso lonseli ankalibisa m'mipope?"

A Nasimbi analowa mwakachetechete. Amuna awo anali atakhala kutsogolo kwa kiyibodi, mwendo wa chikhakha uli tambalale pa mpando wina, maso ali otseka, mutu ukugwedezeka, zala zikuvina pamwamba pa makiyi osawakhudza n'komwe. A Nasimbi ankalidziwa bwino batani lofiira la pakona, lomwe ukalidina kiyibodi imadziimbira yokha nyimbo yomwe anaiikamo kufakitale. Anangowerama n'kusolola sopo uja pansi pa chingwe. Nyimbo inaduka pakati, koma zala za a Pulambala zinapitirizabe kuvina m'chete muja kwa kanthawi ndithu, mpaka kuseka kwa pazenera kunawatsegula maso.

"Ndimangoitenthetsa kuti mukabwera muipeze yokonzeka," anatero.

Nkhaniyo inazungulira mdadada wonse, ndipo inawapweteka a Pulambala kuposa mwendo. Anaganiza zobweza ulemu wawo ndi ntchito yomwe ankaidziwa. Kiyi wakufa uja, m'maganizo awo, sanafe ayi. Anangotsekeka basi. M'mawa mwake akazi awo atangotuluka, anakoka chikwama cha zipangizo, anagadabuza kiyibodi pa mphasa, n'kuyamba kumasula.

M'katimo anapezamo chipini cha tsitsi, batani la malaya, theka la chipeso, ndi mphemvu zomwe zinafa kalekale zili pamzere ngati zikudikira basi. Izi zinawalimbitsa mtima kuti matenda awapeza. Anachotsa kampira kakatali komwe kanali pansi pa makiyi, anakatsuka ndi madzi a sopo monga amachitira ndi mphira ya mpope, anapemerera apa ndi apo, ndipo pomwe anaona kuti waya wawonda anakulungapo tepi yoyera ija amamangira mipope. Potseka, tizitsulo tina tinatsala m'mbale, koma iwo anati opanga zinthu amakonda kuika zambiri mopanda chifukwa. Analumikiza adaputala, anaika sopo pamalo pake, n'kudina batani.

Ng'oma zamwano zija sizinabwere. Anagwedeza chingwe. Anatembenuza sopo. Anaimenya pang'ono m'mbali monga amachitira ndi mpope wokana madzi. Kiyibodi inangoti zii.

A Nasimbi pobwera anaipeza itafundidwa nsalu yoyera ya patebulo, amuna awo akuwerenga nyuzipepala yakale atazyolika. Anavundukula, anadina, anadikira. Kenako anaona mbale ya tizitsulo pansi pa mpando.

"Mwaitsegula?"

"Ndimafuna ndikukonzereni kiyi uja. Inali yotsekeka kwambiri, amake namwino, mukanaona zomwe ndatulutsamo. Mwina ikungofuna iume."

Akanakalipa, zikanakhala zopepuka. Koma iwo anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali pamaondo, n'kuyang'ana kiyibodiyo nthawi yaitali.

"M'nyumba muno chilichonse ndi chathu," anatero motsitsa mawu. "Mipando ndi yathu, mbale ndi zathu, ngakhale tulo tanga ndi tathu chifukwa mumandidzutsa ndi nkonono. Ichi chokha chinali changa."

Anaifunditsanso nsalu ija n'kupita kukhitchini. Masiku otsatira anaphika, anachapa, anawathandiza amuna awo kusamba mwendo uli panja pa bafa, zonse mwaulemu, koma mawu anali a "eya" ndi "ayi" basi. Kuntchito atsikana anayamba kufunsana ngati kunyumba kwa a Nasimbi kwagwa zovuta, chifukwa pakona ya kumanzere pankangomveka kupuma kwa nthunzi, nyimbo ya m'mphuno itazima.

A Pulambala anapirira masiku angapo, kenako analephera. Kumsika, kuseri kwa ogulitsa nsapato, kunali kashopu ka mayi wina wokonza mawailesi ndi ma TV. Ndi ndodo ziwiri m'khwapa sakanatha kunyamula kanthu m'manja, choncho anatenga nsalu ya akazi awo, anabereka kiyibodi kumsana chopingasa, n'kumanga mfundo pachifuwa. Anthu a mumsewu umenewo amaikambabe nkhaniyi: bambo wamfupi wa mwendo woyera, akudumphira pa ndodo, mapiko akuda atatambasuka uku ndi uku ngati ndege yomwe yalephera kunyamuka. Munjira yopapatiza ya pakati pa mabenchi a msika anachita kuyenda chammbali ngati nkhanu, akupepesa kumanja ndi kumanzere, ndipo anagwetsa mulu umodzi wa masilipasi.

Wokonza mawailesi anali mayi wachitsikana wovala magalasi okhuthala. Anamasula kiyibodi, anasuzumira m'kati, n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"Anatsegula ndani muno, bambo?"

"Ana a masiku ano, mayi. Mwana wa oyandikana nawo."

"Mwana wa oyandikana nawo amayenda ndi tepi ya mipope?"

A Pulambala anayang'ana kudenga. Mayiyo anasenda tepi yonse, anaumitsa kampira kaja ndi chowumitsira tsitsi, n'kuwaonetsa kalamba kopyapyala ka mawaya komwe iwo anakasolola osadziwa, kali lende. Anakabwezera, anapala pang'ono pansi pa kiyi wakufa uja ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti, anafunsa tizitsulo totsala, iwo n'kutitulutsa m'thumba la malaya mwamanyazi. Atayatsa, ng'oma zinaphulika mpaka wogulitsa nsapato wa pafupi anatukwana. A Pulambala akuti sanamvepo phokoso lokoma chotero chibadwire.

Madzulo a tsikulo a Nasimbi anapeza kiyibodi ili pamalo pake, yosafunda, kagalasi kake kakuthwanima. Amuna awo anali gone pa sofa, thukuta lisanaume, m'khwapa mutatupa matuza, zala za mwendo wodwala zitafufuma. Anayang'ana kiyibodi, anayang'ana munthuyo, anayang'ananso nsalu yawo yomwe inali pampando itadetsedwa ndi fumbi la kumsika. Anayamba atenga beseni la madzi ofunda ndi mafuta n'kusamalira matuzawo. Atatha m'pamene anakhala pa kiyibodi.

Ting'i ting'i ting'i. Chala chitafika pakati paja, iwo anati "laa", kiyibodi nayonso n'kuti ting'. Anaima. Anadinanso. Ting'.

"Ndani anakuuzani kuti mukonzetse ameneyu? Pamenepa panali panga."

"Ndibwerere nayo akamuphenso?"

A Nasimbi anayesetsa kuumitsa nkhope koma milomo inawakanika. Anatenga kapepala komata n'kukamata chakumanzere kwa makiyi.

"Kuyambira apa kupita uko ndi kwanu. Ng'oma, helikopita, nyama zonse. Mukadutsa malire awa ndi sipanala, mudzagona kumsika konko."

Umu ndi momwe a Pulambala anakhalira woyang'anira ng'oma. Ntchito yawo inali kuyambitsa ndi kuimitsa kugunda, ndi kupotokola kabatani kochepetsa kapena kuwonjezera liwiro. Pa kabatani kameneka ndi pomwe ukwati wawo unapeza mkangano watsopano. Iwo ankafuna nyimbo iliyonse ithamange, akazi awo ankafuna iyende ngati munthu wopita kwawo, ndipo kawirikawiri nyimbo inkayamba ikuyenda n'kutha ikuthawa, a Nasimbi akuithamangitsa ndi zala zonse uku akukuwa kuti, "Inu! Ndakuonani!" Popanda kudziwa, kuthamangitsana kumeneku ndi kumene kunamasula zala zawo. Dzanja lamanzere nalo linapeza pokhala, likugwira makiyi atatu nthawi imodzi.

Lamlungu lina masana kunabwera alamu awo, akulu ake a a Pulambala, kudzazonda wodwala. Alamuwo anali kalaliki wa mosungira katundu pa fakitale ina ya sopo, munthu wa tayi ngakhale kotentha, amene sankatha kupereka moni popanda mawu oyamba, mfundo zitatu ndi mawu omaliza. Atalandira tiyi anaimirira, anakonza tayi, n'kuyamba kufotokoza za kuopsa kwa makwerero, mbiri ya makwerero m'banja lawo, ndi momwe iwo anachenjezera mng'ono wawoyo ali mwana. Tiyi anazizira. A Nasimbi anali atakhala pafupi ndi kiyibodi, yomwe inali yoyaka chifukwa mlendoyo anawapeza akuliza. Anaona chigongono cha amuna awo chikusendera pang'onopang'ono kumalire awo a kumanzere. Anawaponyera diso lowaletsa, koma mwina silinali lolimba mokwanira.

"Choncho, mng'ono wanga," anatero alamu, "munthu asanakwere, ayambe waganiza za kutsika."

Khamu lonse la m'kiyibodi linawomba m'manja, ena akuimba mluzu.

A Nasimbi anayang'ana pansi, akukonzekera kupepesa. Alamu anatembenuka pang'onopang'ono, kufunafuna komwe kwachokera anthuwo.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Chigongono chinatsetsereka, achimwene."

"Tabwerezani."

A Pulambala anadinanso. Alamu anamvetsera mutu uli chopendekeka, nkhope ikuwala pang'onopang'ono. Anabwereza mawu awo omaliza aja, mokweza, n'kukodola ndi chala kuti manja abwere. Manja anabwera.

"Alamu," anatero mlendoyo kwa a Nasimbi, uku akukhala pansi, "kumapeto kwa mwezi uno ndikupuma pantchito, ndipo akundikonzera kaphwando kotsanzikana. Anzanga a kumene kuja ndi anthu abwino, koma ndi ouma manja. Mubwere ndi chipangizo chimenechi. Inunso mudzaimbeko kanyimbo kamodzi kapena tiwiri anthu akamadya."

A Nasimbi anakana, anakananso, kenako anapezeka Loweruka lina masana ali m'kantini ya fakitale ya sopo, atavala diresi lawo labuluu lomwe analisita kawiri. Chipindacho chinkanunkhira mafuta ophikira ndi sopo wosadulidwa. Matebulo anali atawakankhira kukhoma, ndipo anthu ovala maovolosi anakhala pamabenchi, mabotolo a zakumwa ali m'manja. Wina ataona kiyibodi ili pa tebulo lositira, sopo ali pansi pa chingwe, anafuula kuti, "Sopoyo ndi wathu, ndiye kuti gululi ndi la kampani!"

Alamu analankhula nthawi yaitali monga mwa chizolowezi, koma tsiku limenelo mawu awo anayenda ngati galimoto yothiridwa mafuta atsopano. Akangopuma, a Pulambala ankadina, manja n'kuwomba, ndipo anthu a pamabenchi, pochita manyazi kuti akupambanidwa ndi makina, anayamba kuwomba nawo. Zinalakwika kamodzi kokha. Alamu atanena kuti, "Ndipo kwa abwana athu, amene anandisunga zaka zonsezi ngati mwana wawo," chala cha a Pulambala chinaphonya kapepala ka manja n'kugwera pa kamchira. Chigalu cha pageti chinauwa kawiri. Kantini yonse inagwa ndi kuseka, abwana a fakitale akumenya tebulo, ndipo alamu, osasintha nkhope, anati, "Ngakhale alonda avomereza," n'kupitiriza.

Kenako mbale zinayamba kuzungulira, ndipo alamu analoza kwa a Nasimbi. A Nasimbi anakhala pa kiyibodi. Anasankha mawu ofewa aja onga mphepo. Mzere woyamba unatuluka wokhotakhota, chala chinaterereka kawiri, ndipo anamva wina akutsokomola. Anafuna kuimirira n'kuthawira kukhitchini. Pamenepo amuna awo anayambitsa ng'oma, ndipo kwa nthawi yoyamba anaziika pa liwiro la munthu wopita kwawo, n'kuchotsa dzanja pa kabatani kaja, kuliika m'thumba kuti akazi awo aone.

Nyimbo inapeza miyendo. Mayi wina wophika m'kantinimo, chipande chili m'manja, anaizindikira n'kuyamba kuimba ali kuseri kwa kauntala. Amuna awiri a kumapeto analowa ndi mawu a pansi. Pofika pakolasi, pomwe onse amaimbira pamodzi, mabenchi anali akukankhidwa, maovolosi akuvina, alamu atamasula tayi. A Nasimbi sankaonanso makiyi. Ankangomva kuti chomwe chinkakhala m'mphuno mwawo zaka zonsezo tsopano chadzaza chipinda, ndipo anthu osawadziwa akuchitola n'kumawabwezera. Anali atakonzekera nyimbo ziwiri zokha. Anaziimba mobwerezabwereza mpaka mbale zonse zinatsukidwa, ndipo palibe amene anadandaula.

Lolemba m'mawa anali pakona yawo ya kumanzere monga mwa nthawi zonse, mulu wa malaya oyera uli pambali. Atsikana anamva nyimbo ya m'mphuno ikukwera kuposa kale, phazi likugunda pansi. Patapita kanthawi anamvanso fungo lina lomwe pakona imeneyo linali lachilendo. Abwana anatuluka mu ofesi akununkhiza, anafika pa tebulo la a Nasimbi, n'kunyamula malaya omwe pamsana pake panali chithunzi chofiirira cha simbi, chathunthu, ndi timabowo take tomwe.

"A Nasimbi? Inu?"

Iwo anayang'ana malayawo, anayang'ana simbi yomwe inali ikadali m'dzanja lawo.

"Pepani, abwana. Ndinali pakolasi."

Abwana anabwerera mu ofesi malaya ali m'manja, mapewa akugwedezeka. A Nasimbi anatsitsa moto wa simbi, anatenga malaya ena pamulu, n'kuyamba ndi kolala.